Pa Mayi Sitilemba

Lachitatu, 11 Seputembala 2024

Mtima wakhala pansi. Lero ndadya ndipo chakudya chatsika.

Dzulo sindinalembe kanthu. Ndikanalemba chiyani? Kuti abambo amwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno wawapha ndi Hudson ndi chala chimodzi?

Ndiyambe poyambira kuti ndikadzakalamba ndidzadziseke bwino. Lolemba ndinali kumudzi ku Milonde kukaona chiliza cha abambo. Kuvundukula ndi Loweruka la pa 21. Amisiri agwira ntchito yooneka, dzina alemba molondola, JAILOS, osati zokhotakhota za pa mtanda zija. Amayi anandikumbutsanso za nyimbo.

Nyimbo yake ndi iyi. Mu 2021 Stella, amene ankakonza pologalamu ya achikulire pa wailesi pathu asanapite ku Joni, anajambula abambo akusimba za moyo wa pa esiteti. Kumapeto anaimba nyimbo yawo ya m'munda wa tiyi. Macheza anaulutsidwa, nyimbo ayi, nthawi inachepa. Ine sindinaimvepo. Chimwalirire abambo foda imeneyo ndimangoilambalala ngati njira ya kumanda. Koma pakamwa panga! Mwezi watha ndinauza amayi kuti mawu a abambo alipo, ndipo wosunga ndine. Basi iwo anagwira pomwepo: pa chiliza aimbe okha mwini wake. "Ndiwamveko kamodzi, mwina ndingasiye kuwalota."

Dzulo m'mawa kufika pa ntchito, kutsegula seva, foda ya ZAKALE palibe.

Hudson wa mu situdiyo, akumwetulira. Ati disiki inadzaza Loweruka, nkhani za masana zinakana kusungika, ndiye anachotsa zinyalala. Zinyalala. Mawu a nkhalamba za boma lino, zambiri zili kale kumanda. Nambala yanga ali nayo, koma ati sanafune kundivutitsa ndili pa za chiliza. Safunsa anadya phula, kungoti phula lake ndadya ndine.

Disiki yosungirapo kope lapadera inapsa ndi mphenzi mu Januwale. Pempho la ina likadali pa tebulo la a Pilato, manija wathu, pansi pa kapu ya tiyi. A Pilatowo anasamba m'manja monga mwa dzina lawo, ati za makompyuta ndi za ine Enifa. Ndinalowa m'chimbudzi, ndinalira, potuluka ndinanamizira chimfine.

Ndiye lero. Hudson anabwera ndi mandasi awiri opepesera, nkhope itagwa. Ati chomupweteka kwambiri n'choti anafufuta zonsezo koma malo sanabwerere, fayilo ikungokulabe. Ndinasiya kutafuna. Ndinamuuza abwereze zimene wanenazo.

Ng'ombe. Mantha anandiiwalitsa ng'ombe yanga yomwe.

Nkhokwe yathu ya mawu ndi kompyuta ya m'kati mwa kompyuta, ndipo disiki yake ndi fayilo chabe, ya mtundu wa qcow2. Anzanga anamva "kawu" m'dzinamo, ndiye amangoti ng'ombe ya Enifa. Mu 2022, ndisanasinthe mapologalamu, ndinaumitsa fayilo yaikuluyo kuti isamalembedwenso, n'kuika kafayilo katsopano pamwamba pake. Mayi ndi mwana. Kuyambira pamenepo chatsopano chilichonse chimalembedwa mwa mwana. Powerenga, makina amayang'ana kaye mwa mwana, akapeza mulibe amatsikira kwa mayi. Ndipo kufufuta nako n'kulemba. Hudson anangolemba mwa mwana kuti pano palibe kanthu. Mayi sanamve n'komwe.

Abambo anajambulidwa 2021. Ali mwa mayi.

Sindinawaone ndi maso. Mayi sindimugwira ndilibe pokopera. Koma ndikudziwa. Mandasi ndadya onse awiri, Hudson sindinamubenthulireko.

Lachinayi, 12 Seputembala

Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Dzulo ndinavina msanga.

M'mawa Abdul wokonza mafoni pa Thuchila anandibwereka disiki yake yaikulu, mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndafika nayo pa ntchito ndikuimba mluzu, Hudson n'kundiuza nkhani yake ngati munthu wondisungira mphatso. Ati Lamulungu, ataona kuti malo sakubwerera, anafufuza pa intaneti n'kupeza lamulo lophatikiza mwana ndi mayi kukhala fayilo imodzi. Analilemba. Anadina. Makina anakana chifukwa seva inali ikugwira ntchito, mafayilo ali otsekeredwa. Ankadikira Lamulungu likubwerali, pomwe timatseka msanga, kuti azimitse ayeserenso.

Ndinakhala pa katoni ya mapepala, katoni n'kuphwanyika.

Sindinakuwe. Ndikunyadira zimenezi. Ndinamukokera mpando kuti aone yekha.

Disiki ya ng'ombe imagawidwa m'tizigawo tofanana, maklasita, kalikonse makilobaiti 64. Ndinamuuza aziona ngati ndime zimene kapitawo amagawa m'munda. Pali tebulo lolozera ndime iliyonse, iyi ili mwa mwana, iyi ikadali kwa mayi. Mwana amabadwa wopanda ndime n'imodzi yomwe, amapatsidwa pokhapokha wina akafuna kulemba. Ndipo ukafuna kusintha ngakhale chilembo chimodzi mu ndime ya mayi, makina amakopera kaye ndime yonseyo kupita kwa mwana, kenako n'kulemba pa kopepo. N'chifukwa chake kufufuta kwa Hudson kunanenepetsa mwana m'malo mopereka malo. Koma lamulo lake lophatikizalo ndi njira yobwerera: kutenga ndime zonse za mwana n'kuzilemba pamwamba pa mayi.

Ndinatsegula mayi mowerenga chabe, mopanda chilolezo cholemba. ZAKALE. Ilipo yonse. Foda ya Stella. Jailos_Milonde_macheza. Jailos_Milonde_nyimbo. Ndinagwira pakamwa. Hudson anayang'ana kudenga ngati waona buluzi, ndamuthokoza mumtima.

Kenako ndinafufuza ndime zimene nyimbo ya abambo yakhalapo, n'kuyang'ana ndime zomwezo pa mapu a mwana. Zatengedwa kale. Kompyuta ya m'kati ija inaona malo opanda mwini, n'kusungapo zatsopano Lolemba lomwelo. Tinatsegula kuti timve kuti ndi chiyani. Malonda a mankhwala a makoswe, aja munthu amakuwa kuti khoswe watha, khoswe watha. Zimenezo ndizo zikanalembedwa pa mawu a abambo Lamulungu likubwerali, ndipo sipakanakhalanso pansi pena potsikira.

Ndinaseka mpaka misozi. Abambo akanaseka kuposa ine. Hudson sanaseke, anachita thukuta.

Ndamupatsa lamulo limodzi lokha, ndipo ndamubwerezetsa ngati mwana wa sande sukulu: pa mayi sitilemba. Kopera kaye, ulembe pa kope. Ndamata pepala pa seva ndi selotepi. Iye ati kwawo ku Phalombe nakonso ndi choncho, chilichonse chimabwerera kwa mayi, bambo ndi mlendo. Wayamba kuchira, mwamsanga kuposa mmene ndimafunira.

Kukopera kwayamba masana, kukuyenda ngati lole ya tiyi pa chitunda. Ndasiya kukuyenda. Mulungu agwire magetsi.

Lachisanu, 13 Seputembala

Magetsi anagwira. Kukopera kwatha, manambala otsimikizira afanana mbali zonse ziwiri. Mutu umene unayamba Lachiwiri wasiya wokha opanda panado.

Ndagula chinanazi pobwerera, ndadya chonse ndekha nditaimirira.

Loweruka, 14 Seputembala

Tsiku lopepuka. Kuchapa, kuyanika, phiri likuoneka lonse popanda kamtambo.

Dzulo pa msonkhano a Pilato anauza onse kuti timu yathu yapulumutsa chuma cha wailesi. Timu yathu. Madzi osambira m'manja aja auma msanga. Koma asaina pempho la disiki, ndiye atamandidwe mmene angafunire.

Ndinaimbira achimwene Ganizani. Iwo nkhani ya ng'ombe sakuidziwa, amayi nawonso, ndipo sadzaidziwa. Ndinangoti nyimbo ilipo, akonze sipika ya kutchalitchi. Iwo madandaulo okhaokha: mbuzi yakwera mtengo, shuga akusowa, abale a ku Vila kutsidya kwa malire ati abwera ochepa, kutanthauza kuti abwera mudzi wonse. Ndinavomera zonse mokoma mpaka anandifunsa ngati ndili bwino. Sabata ina iliyonse tikanakangana za mbuziyo.

Amayi anatenga foni pang'ono. Anafunsa ngati mawuwo sachita dzimbiri pokhalitsa m'makina. Ndinati sachita. Anati chabwino, n'kubwezera foni.

Masana ndinapita ku ofesi ngakhale si tsiku langa. Kuona ngati mafayilo akutseguka, ndinadziuza choncho. Ndinayamba ndi a anthu ena. Gogo wina wa ku Chambe akufotokoza kaphikidwe ka kalongonda, kuti ukathamangira kutaya madzi ochepa umaledzera nayo. Mkulu wina akutchula mitsinje imene agogo ake anawoloka pochokera ku Mozambiki. Onsewa akanapita pansi pa mankhwala a makoswe. Ana awo sadziwa n'komwe kuti sabata ino panali maliro achiwiri amene alephereka.

Kenako macheza a abambo. Ndinavala mahedifoni, ndinatseka chitseko.

Kutsokomola kaye, monga mwa nthawi zonse. Kenako "eetu," kuja ankayambira nako chilichonse, ngakhale pokana. Akusimba za dengu kumsana, mame a m'mawa onyowetsa mpaka m'chiuno, kapitawo wina amene ankaopa njoka kuposa azimayi onse. Akuti anakumana ndi amayi mu mzere woyandikana, iwo akuthyola mofulumira, amayi akuthyola bwino. Stella akuseka chapatali.

Ndinalira, koma kulira kwake kosiyana ndi kwa Lachiwiri. Uku ndinatuluka nako ndili ndi njala.

Nyimbo sindinaitsegule. Zokoma sadyera limodzi.

Lolemba, 16 Seputembala

Ndaitsegula. Mtima unatsala pang'ono kuchoka m'malo kachiwiri.

Mawu awo poimba ndi aang'ono kuposa poyankhula, okwera, ngati a mnyamata. Nyimbo ya Chilomwe. Chilomwe changa ndi cha moni ndi kutukwana basi. Sanatiphunzitse, ankati kusukulu tikasekedwa, ndipo za kumunda ankazisiya kumunda komweko pamodzi ndi dengu. Ndinamva mzere woyamba, tsitsi linayima. Kenako zii. Ndinaganiza kuti mahedifoni azuka. Mzere wachiwiri. Zii. Wachitatu. Zii. Pa sikirini timapiri ta mawu, kenako mzere wowongoka, timapiri, mzere wowongoka, mpaka kumapeto.

Maganizo anathamangira kwa Hudson. Mwina lamulo lake lija lisanakane linali litayamba kale kugwira mayi? Mtundu wa qcow2 uli ndi kachizindikiro koti ndime iyi ndi ya ziro zokhazokha, ndipo ndime yotero ukaiwerenga umamva chete. Ndinaona m'maganizo ndime za abambo zitafufutika apa ndi apo ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe. Ndinamuitana ndi mawu amene sindikufuna kuwakumbukira. Anabwera atanyamula manja kumsana.

Tinayang'ana limodzi. Tsiku limene mayi anasinthidwa komaliza: 2022, tsiku lomwe ndinamuumitsa. Mapu a ndime: zonse za nyimbo zili ndi zinthu, palibe ya ziro n'imodzi yomwe. Ndipo ndime imodzi ya mawu otere sikwana ndi sekondi. Ikanawonongeka, mawu akanaduka pakati pa liwu ngati wadula ndi chikwanje. Awa akutha bwinobwino, kenako chete, kenako kuyamba bwinobwino.

Ndinakweza chete uja mpaka pamapeto. Si chete. Muli mphepo, tambala wakutali, kagogodo kakang'ono kobwerezabwereza, mwina waya wa maikolofoni ukugunda mpando. Ndi kupuma. Kupuma kwa abambo, kolemera, kokhala ndi kamluzu kaja ka m'chifuwa.

Ndiye fayilo ndi yathunthu. Palibe chatayika, ndi chimodzi chomwe. Ndapepesa Hudson, ndamugulira fanta. Mpumulo weniweni.

Koma pobwerera mu minibasi mpumulowo unasanduka china. Ngati si makina, ndiye ndi abambo eni ake. Chifuwa chija chinali chitayamba kale mu 2021 ife tikuti ndi fodya wakale. Mzere umodzi, kupuma. Mzere umodzi, kupuma. Kumapeto mpata wautali kuposa yonse, kenako akuti, "Eyaa, choncho," kuuza Stella kuti azimitse, atopa. Munthu amene ankakwera phiri mpaka ku Lichenya ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Ndalembera Stella pa watsapu kumufunsa mmene analili tsiku limenelo. Chizindikiro chimodzi chokha. Mwina anasintha nambala.

Lachitatu, 18 Seputembala

Masiku awiri ndikulimbana nazo. Ndaganiza.

Loweruka padzakhala anthu: a mpingo, anzawo a pa esiteti, abale a ku Vila, azilamu oyang'ana polakwika. Sindilola kuti amve abambo akuwefuka pa sipika ya tchalitchi. Ndiponso amayi. Miyezi yomaliza ija anagona pambali pa kupuma kumeneko usiku uliwonse, akuwerenga ngati kubwerenso. Apempha nyimbo, sanapemphe matenda.

Ndiye ndadula mipata yonse. Ntchito yosavuta, ya ola limodzi. Kagogodo kaja kapita nayo limodzi. "Eyaa, choncho" ndachotsanso. Ndalumikiza mizere mosamala kuti pasamveke msoko. Yatuluka nyimbo yaifupi, yothina, yamphamvu. Abambo a zaka makumi atatu. Ndaimvera kangapo, ndakhutira. Ndimadziwa ntchito yanga, pena ndizinena ndekha.

Posunga pa fulashi ndinasankha dzina lomwe lija kuti yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, ndisakasokoneze Loweruka n'kuika yolakwika pamaso pa anthu. Chala chili pa batani, Hudson kumbuyo kwanga, mwaulemu wonse wa munthu amene wadikira sabata yathunthu: "Asisi, pa mayi sitilemba."

Ndinamuuza kuti yoyambayo ili pa disiki ya Abdul, ili mu seva, siikupita kulikonse. Anangoloza pepala langa lomwe la pa seva. Mwana wa njoka. Ndinamusiyira mpando, anasunga ziwiri zonse yekha, yoyambayo anaitcha mayi, yodulidwayo mwana. Anatuluka akuyenda ngati wapambana chisankho.

Ndiyenera kumusiyira zimenezi. Wavutika mokwanira.

Nsalu ya banja yafika kwa atelala. Mtundu wake anasankha alamu, wobiriwira ngati tiyi wosaphika. Tivala, titani.

Lachinayi, 19 Seputembala

Tchuthi chavomerezedwa. Fulashi m'kachikwama ka m'kati, laputopu, waya wa sipika, shuga amene ndinamupeza pa Chitakale. Hudson walumbira kuti ng'ombe saiyandikira mpaka ndibwere. A Pilato apereka ya mafuta a galimoto ya abusa, sindinayembekezere.

Tulo tabwino masiku ano. Ndikulota zopanda pake, minibasi ndi mbuzi.

Lachisanu, 20 Seputembala, Milonde

Ndalowa m'chipinda cha amayi kuti ndilembe zisanazizire. Panja phokoso, azimayi akusenda, abale a ku Vila afika, mudzi wonse monga tinanenera.

Masana achimwene anabweretsa sipika kuti tiyese. Ndinati tiyesere kuseri kwa nyumba, pansi pa mpeyala, amayi amve kaye paokha asanamve pa gulu. Anabwera akupukuta manja pa chitenje, anakhala pa mpando wa abambo uja wa ndalema. Ine, achimwene, ndi iwo basi.

Ndinaika mwana.

Mzere woyamba utangomveka amayi anawongoka msana. Anakoka mpweya, anatsegula pakamwa. Mzere wachiwiri unali utafika kale. Anatseka. Anakokanso mpweya, wachitatu n'kuwapondanso. Choncho mpaka nyimbo inatha. Ine ndikuyang'ana nkhope yawo, ndikudikira misozi yachisangalalo imene ndinaigwirira ntchito. Panalibe. Nkhope ya munthu amene basi yamudutsa ataimika dzanja.

Kenako, osayang'ana aliyense: "Akuthamangira kuti abambo akowa? Sakundidikira."

Achimwene anandiyang'ana. Ine woimba kwaya kuyambira sitandade 5, wodziwa bwino kuti nyimbo ili ndi woyambitsa ndi wovomera. Ndinafufuza maklasita, ndinafufuza ziro, ndinafufuza chifuwa. Funso la mwana wamng'ono, loti kodi nyimboyi ankaimba ndi ndani, silinandifikire.

Ndinati dikirani amayi, ilipo ina. Mumtima: Hudson, Hudson, Mulungu akupatse mkazi wabwino.

Ndinaika mayi.

Kutsokomola. Mzere woyamba. Ndipo pamene pa sikirini pali mzere wowongoka, amayi analowa. Mawu amene sindinawamvepo chibadwire, osati a ku Mvano aja, ena, akuthwa, a mtsikana wa mzere woyandikana. Atangomaliza, abambo analandira. Osachedwa, osafulumira. Mpata uliwonse unali wa muyeso wa mawu a amayi, waufupi pamene yankho ndi lalifupi, wautali pamene ndi lalitali. Kagogodo kaja sikanali ka waya. Chinali chala cha abambo pa mkono wa mpando, akusungira amayi nthawi. Ndinazindikira chifukwa chala cha amayi chinkagogoda chimodzimodzi, pa mkono wa mpando womwewo.

Azimayi osenda aja anasiya mipeni. Azakhali a ku Vila anabwera pang'onopang'ono n'kuima pa ngodya ya nyumba, dzanja pakamwa. Palibe analowerera. Achimwene anatembenukira ku mpeyala, mapewa akugwedezeka.

Mpata womaliza, wautali uja. Amayi anaudzaza wonse, liwu lomaliza analikoka mpaka mpweya unawathera. Kachete pang'ono. Ndiye abambo, mu sipika ya tchalitchi: "Eyaa, choncho."

Amayi anaseka. Kuseka kwenikweni, misozi ikutsika, akumenya mkono wa mpando. "Zaka zonse zija m'munda sananenepo zimenezi ine ndilipo. Ankati ndimachedwa kulowa."

Ndinafuna kufotokoza za yoyamba ija, kuti ndinadula ndine, ndinkaganiza kuti akuwefuka. Anandidula ndi dzanja. Ati kuwefuka ankawefukadi, koma munthu wowefuka sagogoda. Sanakwiye. Anangofunsa ngati yothamangayo ingatayidwe. Ndaitaya pomwepo iwo akuona, ndipo iyi yokha sindikufuna kuti idzapezeke pansi pa chilichonse.

Mawa tiika mayi. Amayi ati adzaima pambali pa chiliza, maikolofoni sakuifuna, abambo ankawamva kuchokera mzere wachitatu popanda waya. Achimwene ati pologalamu ya abusa ndi yothina, nyimbo ya mipata itenga nthawi. Amayi anangowayang'ana, nkhani inathera pomwepo.

Ndinafunsa amayi tanthauzo la nyimboyo. Ati palibe chozama, mwamuna akufunsa ngati dengu ladzaza, mkazi akuyankha kuti ladzaza ndi masamba a eni, lake lili kunyumba lopanda kanthu, ndiye amanyozana choncho mpaka belu. Ndinati ndijambule mbali yawo pa foni, ndikailumikize mu mipata ija ikhale nyimbo imodzi yathunthu. Anakana. Ati mipatayo isatsekedwe, ndi malo a munthu.

Mtima uli m'malo, koma ukugunda ngati ndathamanga.

Amayi akundiitana. Ati ndibwere ndi makina anga ndiikenso, ndipo ndisiye kulembalemba ndikhale pafupi nawo ndigwire povomera, liwu ndi liwu, lero lomwe, chifukwa abambo azifunsabe za denguli chaka ndi chaka ndipo iwo amayi sadzakhalapo mpaka kale.